Chaka choyamba pa yunivesite ku Joni chandikulira, ndithandizeni maganizo

Nachisale wa ku Zomba

Moni nonse, makolo ndi abale a pa gulu lino. Ndakhala ndikungowerenga zimene mumalemba osaponyapo mawu, koma lero ndalimba mtima chifukwa zandifika pakhosi. Ndine mtsikana wa ku Zomba, ndinafika mu February kudzayamba digiri ya zowerengera ndalama pa yunivesite ina konkuno ku Joni. Zotsatira za mayeso oyamba zatuluka. Economics ndapeza 41, Accounting 48, pamene kukhoza kumayambira pa 50. Ku sekondale dzina langa linkatchulidwa pa asembule pamodzi ndi ana okhoza bwino, ndiye sindikumvetsa kuti chachitika n'chiyani.

Sikuti sindiwerenga ayi. Ndimawerenga mpaka pakati pa usiku, maso kuchita kuwawa. Koma m'kalasi timakhalamo anthu mazanamazana, aphunzitsi ali pansi uko ndi maikolofoni, akungosintha ma slide. Ukamati ulembe mfundo iyi, iwo apita kale pa ina. Chingerezi chake n'chothamanga. Akaponya nthabwala m'Chizulu holo yonse kufa nako kuseka, ine ndili duu. Pa ntchito ya m'magulu anzanga amayamba m'Chingerezi, posakhalitsa asinthira ku Chizulu kapena Chisotho, ine n'kungomva pomaliza kuti ndilemba gawo lakutilakuti.

Kumene ndimakhala ndi nyumba ya ana a sukulu, khitchini timagawana anthu ambiri. Aliyense amaphika zake n'kukadyera kuchipinda, chitseko n'kutseka. Sabata imatha osamva munthu akutchula dzina langa.

Chimene chikundisowetsa tulo kwambiri ndi makolo. Bambo anapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo ndalama zawo zopumira ntchito ndi zimene zinalipira fizi. Lamlungu lililonse amaimba foni, mayi n'kufunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji. Ine ndimangoti ikuyenda. Kodi ndiwauze zoona? Nanga amene munadutsamo, munatani kuti chaka choyamba chisakugwetseni? Mayeso aakulu ali mu June.

Mayi a Tadala, Turffontein

Mwanangu, wachita bwino kulankhula. Za Economics ine sindidziwapo kanthu, zimenezo akuyankha ophunzira. Ine ndikufunse kaye: ukudya chiyani? Chifukwa ana inu mukafika kuno mumangokhalira buledi ndi tiyi, kenako n'kumadabwa kuti mutu sukugwira.

Nachisale wa ku Zomba

Amayi, mwalasa. Buledi, mazira ndi ma noodles. Nsima ndimaphika mwa apo ndi apo. Ufa wa kuno sindinauzolowere, komanso ndimachita manyazi kukhalitsa pa chitofu anzanga akudikira.

Mayi a Tadala, Turffontein

Manyazi a chiyani pa chakudya chako? Eni dzikowo nawonso pap yawo amaphikira pa chitofu chomwecho, lendi mumalipira yofanana. Ufa gula wolembedwa kuti super, monga White Star kapena Iwisa, ndiwo uli pafupiko ndi ufa woyera wa kwathu. Koma umachedwa kupsa. Phala lake ulivundikire, libwate nthawi yaitali usanayambe kuthira ufa wina, apo ayi nsima imamveka yaiwisi m'kamwa. Ukatha kuvundula uisiyenso pa moto wochepa itavundikiridwa. Ndiwo za kwathu ziliko. Ku msika wa ku Yeoville kumapezeka nsomba zouma, therere, chigwada ndi nsinjiro, ungopita masana ndipo usapite wekha ulendo woyamba. Ine mng'ono wanga amanditumizira nyemba ndi usipa pa mabasi amene amafikira pa Park Station. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi kwanga kumabwera ana a sukulu angapo, timadyera pamodzi. Ubwere nawe. Ndikulembera kumbali.

Mbewe, wa Masters

Chemwali, ine ndimathandizira kuphunzitsa ana a chaka choyamba, ndiye ndikuuze mmene zimayendera m'katimu. Chimene chakuchitikira ndimachiona chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri chimagwera ana amene kwawo anali anzeru za m'kalasi. Chifukwa chake n'chakuti njira imene inakukhozetsa ku sekondale ndi imene ikukugwetsa kuno. Kwathu mphunzitsi amalemba notsi pa bolodi, iwe ukopera, uloweza, pa mayeso ubweza zomwezo, malikisi ako utenga. Kuno notsi amangoziika pa intaneti, ndipo pa mayeso safunsa zimene zili mu notsi. Mu Economics sangakufunse kuti demand n'chiyani. Akuuza kuti mtengo wa petulo wakwera, ujambule graph yosonyeza chimene chichitike pa mtengo wa matakisi ndi chiwerengero cha okwera, ufotokoze chifukwa chake. Ukhoza kuwerenga buku lonse mpaka tambala kulira, koma ngati dzanja lako silinajambulepo graph imeneyo buku lili chitsekere, pa mayeso umangoiona ngati yachilendo. Accounting ndiye kwambiri. Imeneyo siwerengedwa, imachitidwa ndi pensulo, funso pambuyo pa funso.

Ndiye maola ako a usikuwo uwasinthe ntchito. Mafunso a tutorial, kalasi ya kagulu kochepa yoyeserera mafunso, uziwayesa wekha usanapiteko, ngakhale ulakwe onse, chifukwa ukafika uli ndi polakwa pako umadziwa chofunsa. Mapepala a mayeso a zaka zapitazo amapezeka pa webusaiti ya laibulale, uwalembe utatchera wotchi. Ndipo lero lomwe utsegule course outline ya phunziro lililonse. Mmenemo analembamo kuti mayeso amene walembawa akulemera bwanji pa malikisi onse. Malikisi a ma test ndi ma assignment amaphatikizidwa ndi a mayeso aakulu, ndipo maphunziro ena amafuna kuti ufike pa mlingo wina wake kuti uloledwe kulowa m'chipinda cha mayeso. Werengera wekha kuti ukufunika zingati pa zimene zatsala. Ana ambiri amalira ndi 41 osadziwa kuti gawo lalikulu la malikisi lidakali m'tsogolo.

Chachikulu kuposa zonsezi: mphunzitsi aliyense ali ndi maola amene amakhala mu ofesi kudikira ana, amati consultation. Tenga pepala lako la mayeso upite nalo, ukafunse kuti malikisi anathawira pati.

Nachisale wa ku Zomba

Achimwene, zikomo kwambiri, za course outline sindinaziganizepo n'komwe. Koma zopita ku ofesi ya aphunzitsi ndekha zikundiopsa. Ndikafikako ndikayamba bwanji? Kwathu tinaleredwa kuti wamkulu sumupanikiza ndi mafunso, ndipo kumufunsa mphunzitsi za malikisi kumakhala ngati ukumuderera kuti anachonga molakwika. Ana a kuno ndimawaona akukweza dzanja, kutsutsana ndi profesa maso ndi maso, ena mpaka kumutchula dzina lake loyamba. Ine pakamwa pamangouma.

Mbewe, wa Masters

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ulemu umene tinaphunzira kwathu ndi wabwino, usautaye, koma kuno umawerengedwa mwina. Ukakhala chete mutu uli pansi, mphunzitsi amati wamva zonse, kapena amati ulibe chidwi. Palibe amene adzakuitane ku staff room kuti akufunse chavuta n'chiyani, palibe hedimasitala woyendera m'mahositelo nthawi ya prep. Dzina lako lili pa kompyuta pakati pa mazana ena, ndipo limakhala la munthu tsiku limene wagogoda pa chitseko. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, mwambiwo ndi wathu womwe, si wa azungu.

Kayambidwe kake n'kosavuta. Lemba email yaifupi, utchule dzina, nambala yako ya sukulu ndi phunziro, upemphe kudzaona pepala lako pa nthawi ya consultation. Ukafika usakanene kuti mwandimana malikisi. Ukanene kuti ndikufuna kudziwa kuti yankho lokhoza likanaoneka bwanji pa funso ili. Palibe mphunzitsi amene amakwiya ndi funso lotere. Ambiri a ife timakhala m'maofesimo ola lonse osabwera munthu. Kulinso writing centre, kumene amakuthandiza kakonzedwe ka essay ndi katchulidwe ka mabuku amene watengamo mfundo. Kumeneko upiteko msanga, chifukwa ntchito zolemba zimadutsa mu Turnitin, pulogalamu ya pa kompyuta yogwira zokopera, ndipo kukopera chiganizo cha m'buku osatchula mwini wake ndi mlandu waukulu kuno, ngakhale utachita mosadziwa.

Bambo Phiri, Rosettenville

Za sukulu mnyamatayu wanena bwino, ine sindiwonjezerapo. Koma za makolo ndili ndi mawu. Mwana wanga, usawauze. Bambo ako ndi munthu wopuma ntchito, ndalama anatulutsa kale, ali kutali, angachitepo chiyani kupatula kukwera BP? Ife bambo athu anabwera kuno pa Theba kudzagwira m'migodi. Ankagona m'makomponi amuna okhaokha, kutsika pansi pa nthaka kusanache, koma makalata awo kumudzi ankangoti tili bwino, landirani bulangete ndi ndalama ya msonkho. Zowawazo tinazimva atakalamba, atabwerera. Anthu ankafera m'njira momwe. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, mpaka Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi. Kamuzu yemweyo ali mnyamata anagwirapo ntchito pa mgodi ku Boksburg asanapite kukaphunzira ku America. Njira ya ku Joni sinayambe ndi iwe, ndipo sinakhalepo yofewa. Limba mtima, konza malikisi ako, mu December ukawaonetse zotsatira zabwino. Zagwazi zikhale zako.

Sisitala NaBanda

Abambo Phiri, ndi ulemu wonse, pamenepa ndikutsutsaniko. Mbiri mwanenayo ndi yoona ndipo timainyadira, koma mwaiwala mbali ina. Ena mwa anthu amene ankalemba kuti tili bwino ndi omwe anasanduka matchona. Zinthu zitavuta anachita manyazi kunena, manyaziwo anakula, makalata anasiya, mpaka anafera kuno abale osadziwa manda. Ine ndimagwira ntchito m'chipatala, ndipo ndaona ana a sukulu akubwera thupi litatha, osagona, osadya, chifukwa chosenza bodza la "zikuyenda" kwa miyezi. Bodzalo limalemera sabata iliyonse. Amene sananene za test mu April sanenanso za mayeso mu June, ndipo pofika November akubisa kalata yomuchotsa sukulu.

Nachisale mng'ono wanga, mawu ako awiri andikhudza: kusowa tulo, ndi sabata kutha osamva dzina lako. Ngati ukuona kuti m'mawa kudzuka kukuvuta, chakudya sichikulowa, misozi ikungotuluka yokha, kapena ukuganiza kuti bola kungosowa, usadikire. Mayunivesite a kuno ali ndi aphungu othandiza ana awo osalipira. Ku Wits ofesi yake ndi CCDU, ku UJ ndi PsyCaD, ndipo zimene wanena kumeneko sizipita kwa aphunzitsi ako. Kulinso bungwe la SADAG limene lili ndi mafoni oimba ulere. Kupita kwa mphungu si misala ayi. Komanso medical aid imene unalipira kuti upeze visa ija si yongoonetsa ku boda, ndi yako, uzigwiritsa ntchito ukadwala.

Za kuzizira ndinene pano chifukwa June wayandikira. Mzinda uno uli pamwamba kwambiri, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo usiku wa June ndi July kumagwa chisanu choposa cha ku Dedza. Nyumba zambiri zilibe chotenthetsera. Gula bulangete lolemera, masokosi ndi botolo la madzi otentha panopa. Mpweya umauma kwambiri, milomo imang'ambika, ena mphuno imatuluka magazi, ndiye Vaseline ndi madzi akumwa zisakuthere. Chimene ndikukuletseratu ndi mbaula kapena makala m'chipinda chotseka. Utsi wake sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Nyengo yozizira iliyonse timalandira anthu otere.

Bambo Phiri, Rosettenville

Sisitala, za matchona mwanena zoona, amalume anga enieni anathera ku Germiston osabwerera. Koma mtima wa kholo ndi wosalimba. Mwana akangoti ndalephera, kumudzi amva kuti ndalama zonse zapita m'madzi.

Bambo a Yankho, Lilongwe

Ndilowererepo ngati kholo limene lili kumudzi kuno, mwana wanga ali ku sukulu kunja. Abambo Phiri, mtima wathu si wosalimba choncho. Chimene chimatipweteka si 41, ndi kumva mochedwa. Ndalama ya rand timaipeza movutikira, maka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye timafuna kudziwa zoona nthawi ikadalipo. Komanso bambo a mtsikanayu ndi mphunzitsi. Munthu amene wachonga mapepala moyo wake wonse amadziwa kusiyanitsa mwana waulesi ndi mwana amene wakumana ndi kafunsidwe kachilendo. Mwana wanga, uwauze, koma uwauze pamodzi ndi zimene ukuchitapo. Unene kuti ndapeza zakuti, ndapita kwa aphunzitsi, ndasintha kawerengedwe. Mayi ako ayenera kuti anamva kale pa mawu ako kuti pali china chake.

Ndifunseko pambali, poti ophunzira muli pompano. Mwana wa mlongo wanga wakhoza bwino MSCE, akufuna kubwera komweko. Zimayenda bwanji?

Mbewe, wa Masters

Abambo, mwachidule: MSCE yokha nthawi zambiri siikwana kulowera digiri kuno. Ambiri amabwera ndi A-level kapena atayambako maphunziro ena kumudzi, ndipo mapepala amayenera kudutsa ku Matriculation Board ya Universities South Africa kuti apatsidwe exemption, chilolezo cholowera digiri. Chaka cha sukulu chimayamba mu February, koma kufunsira malo kumatsekedwa chaka cham'mbuyo, ndiye ayambe msanga. Pa fizi, pangano la SADC la za maphunziro la 1997 limati ana a m'chigawo chino azilipira ngati eni dziko, komabe pamakhala ndalama ina yoonjezera ya ana ochokera kunja, kuphatikizapo medical aid ndi malo ogona. NSFAS, thandizo la boma la kuno lolipirira ana sukulu, musaiwerengere, ndi ya eni dziko. Zambiri tikambirane pa mutu wake, tisamulande Nachisale bwalo.

Che Jafali, Mayfair

Salaam kwa nonse. Mwana wathu, ine sukulu sindinapite nayo patali, ndine telala, koma mzinda uno ndaukhala. Munthu amene akuopa msewu amadzitsekera m'chipinda, ndipo m'chipindamo ndi mmene maganizo amachulukira. Ndiye phunzira kuyenda. Takisi ya kuno ilibe kondakitala woitanira ngati minibasi za kwathu, umaimika ndi chala. Chala choloza kumwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, choloza pansi ndiye kuti ukutsikira pafupi. Ukalowa upereke moni, ndalama uzipereka kwa wa kutsogolo kwako, zimayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa dalaivala. Mpando wa pafupi ndi dalaivala uupewe kaye, chifukwa wokhala pamenepo ndiye amawerenga ndalama za anthu onse n'kubweza chenji. Potsika umangoti after robot kapena short left, mokweza. Pa renki ya Bree kapena Noord usaime n'kumayang'ana uku ndi uku, funsa mayi wogulitsa zinthu kapena woyang'anira mzere. Foni m'thumba lamkati, zomvera m'makutu chotsa. Kumene basi ya Rea Vaya imafika, kwera imeneyo, ili ndi masiteshoni ake. Pasipoti yeniyeni isunge bwino, koma uziyenda ndi fotokope yake ndi ya visa, yodindidwa chidindo ku polisi, pamodzi ndi khadi la sukulu.

Ngati ndalama ikuvuta, ndili ndi mnzanga wa shopu ku Fordsburg amene amafuna wothandiza Loweruka ndi Lamlungu.

Mbewe, wa Masters

Che Jafali, mtima wanu ndi wabwino, koma pa ganyu ndipemphe kuti adikire. Lamulo limalola mwana wa study visa kugwira ntchito yosapitirira maola 20 pa sabata, ndiye si mlandu. Vuto ndi nthawi. Loweruka ndi Lamlungu ndi masiku okhawo amene angakhale pansi ndi mapepala akale. Phunziro limodzi akalibwereza, ndalama yake iposa zonse zimene angapeze pa shopu chaka chino. Akakhazikika, chaka chamawa pali maganyu a pa sukulu pomwe, ku laibulale kapena kuthandiza ana atsopano.

Che Jafali, Mayfair

Mwanena zoona achimwene, sindinaganize mbali imeneyo. Mwayiwo sukuthawa.

Kondwani, chaka chachiwiri

Sisi, ine ndinali pomwe ulipo chaka chatha, ndiye ndikambeko za chilankhulo. Poyamba ndinkaganiza kuti akasinthira ku Chizulu akundisala dala. Ena alipo otero, sindikana, ndipo mawu oti kwerekwere ndinawamvapo m'takisi. Koma ambiri m'gulu la ntchito sadziwa n'komwe kuti asintha chilankhulo, monga ife timachitira tikakumana Amalawi awiri pali Mzambia kapena Mkenya. Komanso ukakhala chete amayesa ndiwe wa konkuno, ukumva. Tsiku lina ndinangoti, abale, ine ndine wa ku Malawi, bwererani ku Chingerezi ndimve nawo. Anapepesa, ndipo mtsikana wina wa ku Limpopo anati nayenso Chizulu chimamuvuta, kwawo amalankhula Chivenda. Dziko lino lili ndi zilankhulo za boma 12, sikuti aliyense akumva mnzake. Ana ambiri ochokera m'midzi ya ku Eastern Cape kapena KwaZulu-Natal akuvutika chimodzimodzi ndi iwe, holo yomweyo, Chingerezi chothamanga chomwecho, makolo ovutika omwewo. Amene amakweza dzanja kutsogolo aja ndi ochepa, ambiri anaphunzira sukulu zodula. Yang'ana m'mizere ya kumbuyo.

Phunzira moni wokha, sawubona, unjani, ngiyabonga, dumela. Alonda a pa geti ndi amayi osesa akayamba kukudziwa, sukulu imasintha nkhope. Chizulu sichili patali ndi ife, pakutha pa chaka uzidzamva zambiri. Ndipo m'khitchinimo yamba ndiwe. Ine mnzanga wapamtima ndinamupeza chifukwa anandifunsa kuti tinsomba tonunkha tikuphikidwato n'tiyani, ndinamugawira usipa wothira tomato, mpaka lero amaufunsa.

Chinanso, khala kutsogolo m'holo. Mizere itatu yoyambirira mawu amamveka bwino, ndipo nkhope yako aphunzitsi amayamba kuizindikira. Ma slide uziwawerenga usiku wake kuti m'kalasi uzingomvetsera osathamangitsana ndi kulemba.

Achemwali a ku Chanco

Zandikumbutsa uyaro wathu, chaka chathu choyamba pa koleji ku Zomba. Kumeneko makonti, ophunzira amene anatitsogolera, ankatizunza, koma ankatiuzanso mphunzitsi woopsa ndi uti, phunziro lowida anthu ndi liti, mapepala akale ali ndi ndani. Ku kafeteriya sunkadya wekha ngakhale utafuna. Kuno palibe wokuzunza koma palibenso wokuuza kanthu, makonti ako uyenera kuwasaka wekha. Funsa ku ofesi ya ana ochokera kunja ngati pali bungwe la ana a ku Malawi kapena a SADC pa sukulu yanu. Ndipo iwe wa ku Zomba mnzanga, ma jacaranda akadzachita maluwa mu October, ana a kuno amati amene sanayambe kuwerenga wachedwa. Usadzadikire maluwa.

Woyang'anira gulu

Ndikuthokoza nonse. Chikumbutso chabe kwa ana athu atsopano: manambala a foni ndi malo okhala musaike pagulu. Wina akakulemberani kumbali kuti akuthandizani za mapepala, malo ogona kapena ntchito n'kuyamba ndi kupempha ndalama, tidziwitseni. Mayi a Tadala timawadziwa, akhala nafe kuyambira kale, Nachisale ukhoza kupita mtima uli m'malo.

Bambo Phiri, Rosettenville

Ndawerenga mawu a Bambo a Yankho kawiri. Poti kholo lenileni lanena kuti likufuna kumva, ine ndibweze mawu anga theka. Uwauze, mwana wanga, koma uyambe ndi bambo ako, mayi amve kudzera kwa iwo.

Nachisale wa ku Zomba

Makolo ndi abale, ndabweranso kudzakuuzani mmene zayendera. Email ndinalemba, anandiyankha tsiku lomwelo. Pa chitseko ndinaima kanthawi mtima ukugunda, koma ndinagogoda. Aphunzitsi a Economics anatulutsa pepala langa n'kuliyala pa tebulo. Pa funso lalikulu ndinalemba tsamba lathunthu la matanthauzo, onse olondola, koma anandipatsa malikisi awiri okha. Anandionetsa kuti funso linkafuna graph ndi ziganizo zinayi basi. Anandipatsa pensulo kuti ndijambule pomwepo. Ndinasuntha mzere wolakwika, iwo anangofunsa kuti chasintha n'chiyani, mtengo wa katunduyo kapena ndalama za ogula? Nditayankha ndinaona ndekha pamene ndimasokoneza. Zimene ndakhala ndikuloweza kwa milungu zinamveka pa mphindi zochepa. Anandifunsanso kuti ndimachokera kuti, n'kundiuza kuti ndizibwera sabata iliyonse ndi mafunso awiri amene andikanika.

Course outline ndawerengera. Test ija ndi gawo laling'ono, ndikalimbikira pa yachiwiri ndi mu June ndikhoza kudutsa bwinobwino. Accounting ndayamba kuchita mafunso ndi mtsikana wina wa ku Mthatha amene timakhala naye nyumba imodzi, naye anapeza 45 ndipo ankabisa ngati ine.

Bambo ndawauza. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti funso linali lotani. Nditawafotokozera anati ndiwajambulire pepalalo pa WhatsApp alione okha, ndipo anandikalipira pa chinthu chimodzi chokha, kuti n'chifukwa chiyani ndinadikira. Mayi akuti atumiza ufa ndi nyemba pa basi. Tulo sitinabwerere bwinobwino, ndiye Sisitala, kwa aphungu ndalembetsa, ndikaonana nawo Lachinayi. Amayi a Tadala, nkhwani wotendera uja zikomo, ndibweranso.

Sisitala NaBanda

Wachita bwino kulembetsa. Ukapite ngakhale tsikulo udzuke uli bwino. Bulangete wagula?

Nachisale wa ku Zomba

Ndagula Sisitala, ndi botolo lomwe.

Mnyamata wa ku Kasungu

Pepani kulowerera. Inenso ndili chaka choyamba, engineering, ndipo Maths yandigwetsa koopsa. Ndakhala ndikuwerenga zonsezi mwakachetechete, kwathu sindinauzenso aliyense. Achimwene a Mbewe, kodi mungandithandizeko ngakhale si phunziro lanu?

Mbewe, wa Masters

Maths ya engineering si yanga, koma ndili ndi mnzanga wa ku Mzuzu amene akuchita PhD ya masamu, ndamufunsa ndipo wavomera. Loweruka 10 koloko m'mawa tikumane ku Braamfontein, malo enieni ndikuuza kumbali. Ubwere ndi pepala lako la test, course outline ndi mafunso a tutorial amene wayesa kale wekha. Email kwa aphunzitsi ako ulembe lero, usadikire Loweruka. Nachisale ndi Kondwani, ngati muli ndi mpata bweraninso, tebulo ndi lalikulu.